Nyimbo zachikondi za Afrobeats si zongobwereza mawu

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akunena kuti nyimbo zachikondi za Afrobeats, mayimbidwe amakono ochokera ku Nigeria ndi ku Ghana, zilibe uthenga, ati woimba amangobwereza mawu awiri atatu pamwamba pa ng'oma basi. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa si zoona.

Mu situdiyo ku Lagos kapena ku Accra, kawirikawiri pulodusa amayamba kuumba ng'oma pa kompyuta. Woimba amatsinzina, n'kumang'ung'udza pa maikolofoni popanda mawu enieni mpaka atapeza kayimbidwe komufika pamtima. Mawu amabwera pambuyo, ndipo ntchito yaikulu yagona pamenepa. M'Chiyoruba cha ku Nigeria ndi m'Chitwi cha ku Ghana liwu limasintha tanthauzo ukalikweza kapena kulitsitsa, choncho woimba waluso amasankha mawu ogwirizana ndi kayimbidwe kaja, apo ayi angauze wokondedwa wake zina.

Nanga kubwerezako? Ayoruba ali ndi oriki, ndakatulo zotamanda munthu pomutchula mayina ake okoma. Mnyamata akamaitana bwenzi lake kasanu m'kolasi, ulendo uliwonse mawu akunjenjemera mosiyana, akutsata mwambo umenewo, komanso mapazi a highlife, nyimbo ya ku Ghana yomwe idayamba kalekale Afrobeats isanabadwe m'zaka za m'ma 2000.