Mtovu mwa Ana: Musadikire Kuti Mwana Ayambe Wadwala

Makolo nonse, makamaka inu amene pakhomo panu pamaswedwa mabatire akale a galimoto kapena a sola, mvetserani. Mwana amene ali ndi mtovu m'magazi nthawi zambiri saoneka wodwala. Amathamanga, amadya, amaseka. Ichi ndicho chimatisowetsa mtendere ife azaumoyo, chifukwa tikati mwana akayezedwe, yankho limakhala lomwelomwe: "Koma mwanayu ali bwinobwino." Maso sangaone mtovu. Magazi okha ndi amene amanena.

Mtovu ndi chitsulo chotuwa, cholemera, chofewa chija chimakhala mkati mwa batire. Umapezekanso mu penti wina wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, komanso m'dothi la kufupi ndi migodi. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka pano ana a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa akupezekabe nawo m'magazi chifukwa cha fumbi.

Njira yake yaikulu ndi fumbilo. Bambo aswa batire pakhonde, athira madzi ake pansi, asungunula mtovu pambaula. Madzulo khanda likukwawa pomwepo, litola chigwada chagwa pansi, chala chili m'kamwa. Zatha, mtovu walowa m'thupi. Thupi la mwana limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo limayamwa kwambiri mwanayo akakhala ndi njala kapena magazi ochepa. Umakawononga ubongo womwe ukukula kumene. Mwana amachedwa kuyankhula, sagwira zinthu m'kalasi, sakhazikika, ife n'kumamukalipira kuti ndi wamakani. Nzeru zikawonongeka motere sizibwereranso.

Zizindikiro zimabwera mochedwa: kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kusanza, kufooka, kenako kukomoka. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera lomwe anthu ankasefa dothi kufuna mtovu wa m'mabatire. Ndiye tikamati musadikire, sitikungokuopsezani.

Kuyeza sikovuta. Amabaya chala ngati poyeza malungo, koma manja a mwana asambitsidwe kaye ndi sopo kuti fumbi la pakhungu lisasokoneze zotsatira. Zikakwera, amatenganso magazi a mumtsempha kuti atsimikize. Mukapita kusikelo, auzeni alangizi azaumoyo ntchito yomwe imachitika pakhomo panu, mufunse komwe angamuyeze, ndipo zotsatira zilembedwe m'buku la mwana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti palibe mlingo wa mtovu womwe ungatchedwe wosaopsa. Ukafika mamaikirogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi (umu ndi momwe zotsatira zimalembedwera), pafunika kufufuza komwe ukuchokera ndi kuutsekereza. Ukafika 45, mwana amafunika mankhwala apadera okoka mtovu m'thupi, ndipo amenewa amaperekedwa ndi dokotala yekha. Mmodzi akapezeka nawo, abale ake onse a m'nyumbamo ayezedwenso, ngakhale akuoneka amphamvu. Inde, ngakhale akuoneka amphamvu.

Ena amati mkaka umatsuka poizoni. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma suchotsa mtovu womwe walowa kale. Mankhwala otsegula m'mimba sauchotsanso. Ngakhale mankhwala a kuchipatala aja sathandiza mwana akabwerera kufumbi lomwe lija.

Choncho ntchito ya mabatire ichoke pakhomo, ndipo akale muwabweze kwa ogula osawaswa. Amene amagwira ntchitoyi asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana, zovalazo zichapidwe pazokha. M'nyumba muzikolopa, pabwalo muziwaza madzi musanasese. Penti wakale musamupale ana ali pomwepo. Sambitsani ana m'manja asanadye, zikhadabo zikhale zowenga. Mwana asamakhale ndi njala: usipa kapena matemba odyera limodzi ndi minga yake, nyemba, bonongwe, mazira, malambe ndi magwafa zimathandiza thupi kuti lisayamwe mtovu wambiri.

Inu amayi oyembekezera, chilakolako cha dothi tikuchidziwa, koma siyani, ndipo mukanene kusikelo kuti akuoneni ngati magazi achepa. Mtovu umadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba.

Mwana akayamba kusanza mosalekeza, kugona mosadzuka kapena kukomoka, musataye nthawi kufufuza amene wamulodza. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafika nenani msanga kuti pakhomo pali mabatire.