Chikho cha baseball sichigulidwa ngati tomato pamsika

Ndatopa nayo nkhani yomwe anthu akhala akuibwereza kwa zaka zambiri, yoti mu ligi yaikulu ya baseball (masewero omenya mpira ndi ndodo) ku America timu yolemera ndiyo imatenga chikho chaka ndi chaka, enawo amangoperekeza.

Chilipo choona pang'ono. Ligiyi ilibe malire okhwima a malipiro a osewera, ndipo matimu a ku New York ndi Los Angeles ali ndi matumba akuya. Koma timu ikadutsa mlingo woikika imalipira msonkho wapadera, komanso matimu onse amagawana gawo la ndalama zomwe amapeza. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti wosewera amayenera kukwanitsa zaka 6 muligimo asanakhale mfulu yosankha yekha komwe akasewere, choncho timu yosauka yodziwa kusula achinyamata imadyerera luso lawo pamtengo wotsika.

Ndalama zimathandiza pa ulendo wautali wa masewero 162 omwe timu iliyonse imasewera muligi pachaka. Mu ndime ya chipulula n'kwina: fainolo imatha timu ikapambana masewero 4 mwa 7, ndipo woponya mpira mmodzi akadzuka bwino sabata imeneyo, mabwana amagwa chagada. Mu 2003 timu ya ku Florida, ya malipiro ochepa, idagonjetsa ya ku New York mufainolo. Ya ku Kansas City idatenga chikho mu 2015. Kuyambira 2001 mpaka 2024, palibe timu idachitenga zaka ziwiri zotsatizana.

Musangondikhulupirira ine. Mndandanda wa akatswiri ndi wa malipiro a matimu uli pa intaneti. Ikani iwiriyo pambalimbali, chaka ndi chaka, musanatumize nkhaniyi kugulu lanu la WhatsApp.