Lamulo la wotsala yekha mu nyukiliyasi: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene ophunzira physics kuno ku Mangochi amafunsa akayamba shell model, njira yofotokozera mmene mapulotoni ndi manyutuloni amadzazira malo m'magulumagulu mu nyukiliyasi, yomwe ndi pakati pa atomu.

Lamuloli likuti chiyani?

Mapulotoni amagwirana awiriawiri, manyutuloni chimodzimodzi, ndipo spin (muyeso wa kuzungulira) ya awiri ogwirana imafafanizana. Zili ngati opalasa bwato pa nyanja ya Malombe: wina kumanja wina kumanzere, bwato limalunjika, akakwera wachitatu ndi nkhafi yake, ndiye amalikhotetsa. Choncho chiwerengero cha mapulotoni ndi manyutuloni pamodzi chikakhala chosagawika pawiri, spin ndi parity (chizindikiro cha + kapena −) ya nyukiliyasi yonse imachokera kwa wotsala yekhayo. Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen anakhazikitsa shell model mu 1949, nalandira mphotho ya Nobel mu 1963.

Timawerenga bwanji?

Dzazani mapulotoni paokha, manyutuloni paokha, motsatira ndondomeko iyi: 1s1/2, 1p3/2, 1p1/2, 1d5/2, 2s1/2, 1d3/2, 1f7/2. Malo aliwonse amatenga 2j+1, pomwe j ndi nambala ya kumapeto (monga 5/2 mu 1d5/2), ndiye kuti 2, 4, 2, 6, 2, 4, 8. Parity ndi + pa s ndi d, koma − pa p ndi f.

Tengani oxygen-17: mapulotoni 8, manyutuloni 9. Manyutuloni 8 adzaza mpaka 1p1/2, wotsalayo agwera mu 1d5/2. Yankho ndi 5/2+, kutanthauza spin 5/2 ndi parity +, ndipo zoyeza zikuvomereza. Calcium-41 imapereka 7/2−. Ambiri amalakwa posakaniza mapulotoni ndi manyutuloni mu mzere umodzi.

Nanga bwanji sodium-23 ikukana?

Lamulo likuti 5/2+, zoyeza zikuti 3/2+. Fluorine-19 nayo ndi 1/2+, osati 5/2+. Kawirikawiri lamuloli limagwira bwino chiwerengero cha mapulotoni ndi cha manyutuloni zikakhala pafupi ndi manambala 2, 8, 20, 28, 50, 82 ndi 126, pomwe nyukiliyasi ndi yobulungira. Kutali nawo imatalika mbali imodzi, malo a j imodzi amagawanika, ndipo pamafunika njira ya Sven Gösta Nilsson ya mu 1955. Musakakamize yankho; onani kaye kutalikirana kwake ndi manambalawo.

Zikukhudzana bwanji ndi uranium ya ku Kayelekera?

Uranium-235 ili ndi manyutuloni 143, mmodzi wopanda mnzake. Nyutuloni yoyenda pang'onopang'ono ikalowa, awiriwo amagwirana n'kutulutsa mphamvu yowonjezera yokwanira kung'amba nyukiliyasi. Uranium-238, ya manyutuloni 146, ilibe wotsala, n'chifukwa chake imafuna nyutuloni yothamanga. Mu miyala ya ku Karonga, monga kwina kulikonse, uranium-235 ndi pafupifupi 0.7% yokha ya uranium yonse.