Dzino lochotsedwa mtsempha: chikhomo chikagwedera musamate nokha

Dzino likabooka mpaka kufika pamtsempha, si nthawi zonse limazulidwa. Dokotala wa mano amatha kuchotsa mtsempha wowolawo, kutsuka m'kati mwa muzu ndi kutsekamo ndi mphira wotchedwa gutta-percha. Ndiyo root canal mumaimva ija. Chodetsa nkhawa n'chakuti ululu ukangotha, ena sabwereranso kuchipatala, chonsecho ntchito isanathe. Dzino lotere limakhala litatha mbali yaikulu, ndipo likakhala la kumatsakano limafunika kuvekedwa chipewa, chimene madokotala amati crown, kuti lisang'ambike potafuna.

Ngati pamwamba patsala kachigoba chabe, chipewacho chimasowa pogwira. Apa dokotala amalowetsa kachikhomo m'muzu, kachitsulo kapena ka fibre, kotchedwa post. Kunsonga kwa muzu amasiyako mphira uja mamilimita 4 kapena 5 kuti tizilombo tisadutse. Dziwani kuti chikhomochi sichilimbitsa muzu. Ntchito yake ndi kugwira zomangidwa pamwambazo basi.

Chimene chimagwira chikhomo ndi simenti ya mano. Ilipo ya zinc phosphate, yakalekale, imene imangodzaza mpata n'kuuma. Ya glass ionomer imamatirira kudzino komanso imatulutsa fluoride, mankhwala oteteza mano kuti asawole. Ya resin ndiyo imakondedwa pa chikhomo cha fibre, koma siifuna malovu ngakhale pang'ono poiika, n'chifukwa chake amakuunjikirani thonje mkamwa ndi kuumitsa dzino ndi mpweya. Musatope nazo, pirirani. Malovu akalowa pamenepo simenti siigwira bwino.

Simenti ikayamba kulekeza mumamva chipewa chikugwedera poluma. Pena pamatuluka fungo kapena kakomedwe koipa, pena nkhama imatupa n'kutuluka kachithupsa. Kupweteka kungakhale kulibe popeza mtsempha unachotsedwa, koma malovu akulowa ndipo muzu ukuwola mwakachetechete.

Chipewa chikaguluka pamodzi ndi chikhomo chake, chitsukeni ndi madzi oyera, muchisunge m'kabotolo, mupite nacho kwa dokotala mwamsanga. Chonde musachimate ndi supa glu wa pa kantemba. Amapsereza nkhama, amatsekera tizilombo m'kati, ndipo chikhomo chikakhala mopendama muzu ungang'ambike. Muzu wong'ambika m'litali kawirikawiri mapeto ake ndi kuzula. Koma mukafika msanga, muzu uli wabwino, nthawi zambiri chikhomo chomwecho amachibwezerapo ndi simenti yatsopano.

Mbali imene kuli dzinolo musamasendere nzimbe, kuphwanyira mafupa a nkhuku kapena kutsegulira botolo. Chimanga chootcha cha m'mbali mwa msewu nachonso muzitafunira mbali inayo. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka pamalo pamene chipewa chakumana ndi nkhama.

Kuno ku Lusaka chithandizo cha mano chimapezeka kuzipatala za University Teaching Hospital (UTH) ndi Levy Mwanawasa. Yambirani kukiliniki ya m'dera lanu, adzakutumizani koyenera. Mukasankha chipatala cholipira, onetsetsani kuti dokotalayo ndi wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia. Kutupa kukafika kutsaya, thupi likatentha kapena mukavutika kumeza, pitani tsiku lomwelo.