Kanyama ka Kirk: dzina la ku Tanganyika ndi mapu olekera pa Shire

Mvula yoyamba itagwa, mlimi wina wa kufupi ndi Ulongué, ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anafukula ndi khasu kanthu kakatali, koterera, kopanda miyendo, ndipo chithunzi chake chitazungulira pa WhatsApp anthu anagawikana. Ena anati ndi nyongolotsi yonenepa, akuluakulu anati ndi njoka ya mitu iwiri, koma mphunzitsi wina anaumirira kuti ndi cecília, kanyama ka gulu la achule kokhala pansi pa nthaka. Omutsutsa anatulutsa mapu a akatswiri oonetsa kumene kanyamaka kamapezeka, pomwe chigawo cha Tete sichinalembedwepo, n'kunena kuti nkhani yathera pomwepo. Mapuwo ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inadutsa kwathu konkuno.

Mtundu umene akukanganirawu ndi Scolecomorphus kirkii. Uli ndi msana, nsagwada ndi mano, zimene nyongolotsi ilibe, pomwe khungu lake n'lonyowa ndi la mizere yozungulira thupi, osati la mamba ouma ngati la njoka. Waukulu umapitirira masentimita 40, ndipo suikira mazira koma umabereka ana amoyo.

Chaka chimene chinakhotetsa nkhani yonse ndi 1883. George Albert Boulenger, yemwe ankagwira ntchito ku British Museum ku London, ndiye anafotokoza kanyamaka koyamba, n'kuona kuti sikakulowa m'magulu odziwika, motero anakapangira gulu latsopano la Scolecomorphus. Dzina lachiwirilo anakapatsa polemekeza John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera amene anafika ku Tete mu 1858 pamodzi ndi David Livingstone, nayenda mpaka ku mathithi a Cahora Bassa, ndipo mu 1859 anakwera mtsinje wa Shire, naona nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Malawi. Pofika 1883 Kirk anali kazembe wa Britain ku Zanzibar, kumene apaulendo a kumtunda ankatsikirako ndi katundu wawo. Ponena za kumene kanyamako kanachokera, Boulenger analemba mokayika kuti mwina ndi cha ku nyanja ya Tanganyika. Liwu loti "mwina" lija linatayika m'njira, ndipo mpaka lero mabuku ena a Chingerezi amakatchula ndi dzina la nyanjayo, chonsecho malo otsimikizika kumene kanapezeka pambuyo pake ndi mapiri a Nguru, Uluguru ndi Udzungwa ku Tanzania, mapiri a kum'mwera kwa Malawi kum'mawa kwa Shire, ndi kumpoto kwa Mozambique. Ine ndimakhulupirira Boulenger kuposa amene anamukopera, chifukwa iye sanabise kukayika kwake.

Za kasanjidwe ka mabanja zinayenda pang'onopang'ono. Kwa zaka zambiri nyama zonse zamtunduwu zinkaunjikidwa m'banja limodzi la Caeciliidae, mpaka Edward Taylor wa ku America anayamba kuligawa m'buku lake lalikulu la nyamazi la mu 1968, kenako anapatula banja la Scolecomorphidae mu 1969. Mu 1985 Ronald Nussbaum analipendanso n'kuika za ku Cameroon m'gulu lawolawo la Crotaphatrema. Lero banjali lili ndi mitundu isanu ndi umodzi: itatu ku Cameroon, ndi itatu kum'mawa kwa Africa, yomwe ndi kirkii, vittatus ndi uluguruensis. Chimene chimalipatula n'chodabwitsa. Pakati pa mphuno ndi diso nyamazi zili ndi kanyanga kofewa konunkhizira, ndipo m'banja ili diso linalumikizika ku tsinde la kanyangako, kotero kakatuluka diso limatsatira mpaka kutuluka kunja kwa chigaza. Akatswiri analengeza zimenezi mu 1996 ataonerera kirkii weniweniyu.

Nanga Tete anasowa bwanji pa mapu? Sikuti akatswiri sanapondeko kuno. Wilhelm Peters wa ku Germany anatolera nyama zambiri ku Tete m'zaka za m'ma 1840, ndipo Arthur Loveridge anabwera patapita zaka zana, n'kusindikiza mu 1953 zimene anapeza ku Nyasaland ndi ku Tete. Koma Tete amene iwo anamudziwa ndi wa m'chigwa cha Zambezi, wa malambe ndi dzuwa lowotcha, kumene nyama yofuna dothi lonyowa la pansi pa masamba ovunda singakhale. Angónia, Tsangano ndi Macanga, madera a m'chigawo chomwechi, ndi dziko lina, lokwera kupitirira mamita 1,000, lozizira ndi la mvula yokwana, ndipo mapiri a m'malire a Tsangano ndi Malawi ndi omwe aja amatchedwa Kirk Range. Nkhondo ya ufulu ndi nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992 zinatseka madera ambiri a kumapiri kwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake ngakhale kumpoto kwa Mozambique kanyamaka kanalembedwa chaka cha 2000 chitadutsa kale.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo sindingaibise: chigwa cha Shire, chimene chili pakati pa mapiri athuwa ndi a kum'mawa kumene kanyamaka kanapezeka, n'chotentha ndi chotsika, ndipo nyama yoyenda pansi pa nthaka ingathe kulekezera pa mpata wotero kwa zaka zosawerengeka. Komabe mapu amenewa amaonetsa pamene munthu anakumba n'kulemba, ndipo amene amakumba tsiku ndi tsiku m'madimba a pansi pa phiri la Dómuè sanafunsidwepo kuti khasu lawo limatulutsa chiyani. Chithunzi chija n'chosaoneka bwino, mutu uli m'matope, moti sichingagamule mlandu. Chofunika ndi kanyama kenikeniko, kosungidwa m'botolo la mankhwala, ndi pepala lonena mudzi ndi tsiku. Mlimi uja atafunsidwa anayankha kuti anakaponya kunja kwa mpanda poopa kuti ndi njoka, ndipo nkhuku zinakamaliza dzuwa lisanakwere.