Kuona mbalame m'nkhalango ya pakati pa mzinda wa Lilongwe

Munthu amene akuyenda pa msewu wa Kenyatta kuchokera ku Old Town kupita ku City Centre amadutsa m'mbali mwa nkhalango ya Lilongwe Nature Sanctuary, imene ili ndi mahekitala pafupifupi 180, ndipo mtsinje wa Lingadzi umadutsa mkati mwake. Poyerekeza ndi nkhalango za Kasungu kapena Nyika, malo amenewa ndi kachidutswa chabe, koma pa ntchito yanga yophunzira za mbalame ndimalangiza aliyense amene akufuna kuyamba kuti ayambire pamalo aang'ono otere, chifukwa malo amene munthu angathe kuwazungulira m'mawa umodzi ndi kubwererako sabata yotsatira ndi amene amaphunzitsa maso ndi makutu. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo palibe amene angaidziwe yonse nthawi imodzi.

Anthu amadabwa kuti nkhalango yozunguliridwa ndi misewu, maofesi ndi nyumba ingasunge bwanji mbalame zambiri. Chifukwa choyamba ndi madzi, pakuti mtsinje umabweretsa nsomba, achule ndi tizilombo, komanso umachititsa kuti mitengo ya m'mbali mwake ikhale yobiriwira ngakhale mu Okutobala pamene kwina konse kwauma. Chifukwa chachiwiri, chimene ndikufuna kuchifotokoza mofatsa, n'chakuti nkhalango ili ngati nyumba yosanjikizana, ndipo gawo lililonse lili ndi eni ake. Pamwamba penipeni, m'nthambi za mikuyu, mumakhala mbalame zodya zipatso. Pakati, m'mitengo ya mithethe, mumayenda mbalame zosaka mbozi pamasamba, ndipo gogomole amagogoda makungwa kufunafuna mphutsi. Pansi, m'zitsamba zowirira ndi m'masamba ofota, mumabisala mbalame zamanyazi zimene zimapalasa nthaka. Mukachotsa gawo limodzi, mbalame za m'gawo limenelo sizisamukira m'gawo lina, zimangochoka.

Nthawi yabwino yofika ndi m'mawa kwambiri, malo akangotsegulidwa. Mbalame zimaimba kwambiri kukamacha chifukwa mpweya umakhala wozizira ndi wabata, phokoso la magalimoto lisanakule, komanso kuwala kumakhala kusanakwane kuti ziyambe kusaka chakudya, choncho zazimuna zimagwiritsa ntchito nthawiyo kulengeza malire a dera lawo ndi kukopa zazikazi. Mawu amene amamveka kwambiri m'zitsamba za m'mbali mwa Lingadzi ndi a mbalame imene mabuku a Chingerezi amaitcha white-browed robin-chat, ya chifuwa chofiirira ndi mzere woyera pamwamba pa diso. Nyimbo yake imayamba pansipansi n'kumakwera mpaka kudzaza nkhalango, ndipo nthawi zina yaikazi imalowererapo kumapeto. Mungathe kuimva kwa masiku angapo musanaione, ndipo zimenezi zisakukhumudwitseni, popeza m'nkhalango yowirira mbalame zambiri timazizindikira ndi khutu diso lisanazipeze.

Ndimalangiza ongoyamba kumene kuti ayambe ndi mbalame zimene akuzidziwa kale kuchokera kumudzi, monga pumbwa, njiwa ndi khwangwala, n'kuzisandutsa muyeso. Mukaona mbalame yachilendo, dzifunseni ngati ili yaikulu kapena yaing'ono poyerekeza ndi pumbwa, kenako yang'anani mlomo. Mlomo waufupi ndi wonenepa ngati wa mpheta ndi wophwanyira njere, woonda ndi wopindika ndi woyamwira timadzi ta maluwa, ndipo wokhota ngati mbedza ndi wong'ambira nyama. Mtundu wa nthenga muuganizire pomaliza, chifukwa mumthunzi umanyenga maso, ndiponso m'mitundu yambiri yaimuna ndi yaikazi sizifanana. Lembani zimene mwaona musanatsegule buku, pakuti chithunzi cha m'buku chimafulumira kulowa m'malo mwa chimene diso linaonadi.

Mbalame imene imasangalatsa alendo ambiri kuno ndi nkhulukulu, ya mtundu wotchedwa Schalow's turaco, yobiriwira ndi nsonga yaitali pamutu. Ikakhala chete m'masamba simungaione, koma ikatambasula mapiko kumaoneka kufiira kowala ngati moto. Kufiira kumeneku kumachokera ku utoto wa m'nthenga wotchedwa turacin, umene uli ndi mkuwa mkati mwake, ndipo umapezeka m'banja la mbalame zimenezi lokha. Njira yoipezera ndi kufunafuna mkuyu wakupsa n'kukhala pansi chapatali, chifukwa mtengo wobala zipatso umaitana okha odzadya, ndipo munthu wokhala malo amodzi kwa theka la ola amaona zambiri kuposa woyendayenda.

Kumtsinje nkhani ndi ina. Nantchengwa amaima m'madzi osaya kudikira achule, ndipo chisa chake, chomangidwa pamphanda ya mtengo ndi timitengo tambirimbiri, chimatha kukula kufika mita imodzi ndi theka m'lifupi. Kulinso mbalame zodumphira nsomba za mitundu ingapo, ndipo amwayi amaona African finfoot, imene imasambira mwakachetechete pansi pa nthambi zolendewera pamadzi. Mumtsinjemo muli ng'ona, choncho musatsikire m'mphepete mwa madzi, tsatirani tinjira tokonzedwa ndi malangizo a oyang'anira malowa.

M'nyengo ya chilimwe mungayende kwa mphindi zambiri osamva kanthu, kenako mwadzidzidzi mtengo umodzi n'kudzaza ndi timbalame ta mitundu yosiyanasiyana tikuyendera limodzi. Timbalameti timachita zimenezi chifukwa maso ambiri amaona kabawi msanga, komanso tizilombo timene ina yavumbulutsa inzake imatola. Kawirikawiri pakati pa gululo pamakhala mthengu, wakuda ndi mchira wamphanda, amene amachenjeza anzake za adani, koma amadziwikanso ndi kulira mfuu yabodza kuti ena ataye chakudya iye atole. Mukakumana ndi gulu lotere, imani pomwepo n'kulilola lidutse.

Mvula ikamayandikira, nkhalango imalandira alendo. Anamzeze ena amene timawaona kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo kambalame kotchedwa willow warbler, kolemera pafupifupi magalamu 9, kamadutsa chipululu cha Sahara kuti kadzadye tizilombo m'mithethe yathu. Kwa mbalame yotopa ndi ulendo wotere, kankhalango ka mumzinda ndi malo opumulirapo ndi kudya, ndipo n'chifukwa chake kuchepa kwa malo sikuchepetsa kufunika kwake.

Magalasi oonera patali amathandiza, ndipo olembedwa 8x42 ndi oyenera m'nkhalango, popeza amakulitsa chinthu maulendo 8 ndipo galasi lake lakutsogolo la mamilimita 42 limalowetsa kuwala kokwanira mumthunzi. Komabe kope ndi cholembera n'zofunika kuposa magalasi. Lembani tsiku, nthawi, malo ndi chiwerengero cha mbalame zimene mwaona, ndipo ngati muli ndi intaneti mungatumize mndandandawo ku eBird, nkhokwe ya pa intaneti ya bungwe la ku America lofufuza za mbalame la Cornell Lab of Ornithology, imene inayamba mu 2002, kumene ofufuza amaona mmene mbalame zikuchulukira kapena kuchepera. A Wildlife and Environmental Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1947, ndi ena amene mungaphunzire nawo. Chinthu chimodzi chimene ndimaletsa mwamphamvu ndi kuliza mobwerezabwereza mawu a mbalame pa foni kuti ituluke, makamaka m'nyengo yoswana, chifukwa imasiya mazira kapena ana n'kumatha mphamvu polimbana ndi mdani amene kulibe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si legeni kapena ulimbo wa anyamata, koma maganizo akuti malo okongola ndi osesedwa mpaka nthaka kuoneka. Tikalambula zitsamba, kutentha masamba ofota ndi kutola mtengo uliwonse wouma kuti ukhale nkhuni, mitengo italiitali imatsala ndipo wodutsa pamsewu amaganiza kuti nkhalango ilipobe, koma gogomole alibe pobowola chisa, kadzidzi alibe mphako yogonamo, ndipo mbalame zopalasa pansi zilibe chakudya. Zinyalala za pulasitiki ndi madzi oipa olowa mu Lingadzi zimawononganso achule ndi nsomba zimene mbalame za kumtsinje zimadalira. Amene ali ndi bwalo ku Area 47, ku Kawale kapena ku Area 25 angathe kusiya ngodya imodzi yosalambula, kubzalapo mtengo wachilengedwe wobala zipatso ndi kuika mbale ya madzi pamthunzi, madziwo n'kumawasintha tsiku ndi tsiku kuti udzudzu usaswanemo.