Ndalama yochotsera zinyalala mu Mzuzu imachokera kuti?

Anthu a ku Chibavi, Chiputula ndi Zolozolo amakonda kutifunsa ife ogwira ntchito za ukhondo kuti: bwanji khonsolo sizungulira khomo ndi khomo kutolera mapulasitiki, makatoni ndi zitini, n'kukagulitsa? Ambiri amaona ngati pa zinyalala pali ndalama yongotola. Zoona zake n'zakuti ntchitoyi nthawi zambiri imadya ndalama zochuluka kuposa zimene imabweza, ngakhale m'mayiko olemera, ndipo payenera kupezeka wolipira.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 ndilo linapatsa makhonsolo udindo wochotsa zinyalala. Khonsolo ya mzinda wa Mzuzu imadalira ma city rates, omwe ndi msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za mabizinesi, matikiti a pamsika, komanso thandizo lochokera ku boma kudzera ku National Local Government Finance Committee, lomwe gawo lake lalikulu limabwera ntchito yake itanenedwa kale. M'thumba lomwelo mumatuluka malipiro a antchito, dizilo wa galimoto yozimitsa moto ndi ndalama yokonzera misewu. Galimoto ya zinyalala ikaphulika tayala imakhala pamzere umodzi ndi zonsezi.

Pa ma rates ndi pomwe pagona nkhani. Nyumba imalipira ikalowa m'kaundula wa mitengo ya nyumba, yemwe lamulo limati azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 220,000 mu Mzuzu, ndipo ambiri akukhala m'madera omwe anakula popanda mapulani, kumene tinjira n'tothina ndipo mvula ya kuno ikayamba galimoto yolemera imatitimira. Otaya zinyalala ndi mzinda wonse, olipira ndi ochepa, ndipo ena mwa ochepawo ali ndi ngongole. N'chifukwa chake galimoto imaonekera kwambiri kumsika ndi m'tauni, pomwe kwina anthu amakumba dzenje, kuotcha kapena kutaya m'ngalande zopita ku Lunyangwa.

Ndiye pali mtunda. Mafakitale ambiri osungunula pulasitiki ali ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo Lilongwe yekhayo ndi makilomita opitirira 300 pa msewu wa M1. Mabotolo osaphwanyidwa amadzaza lole koma pa sikelo salemera, choncho dizilo amathera kunyamula mpweya. Popanda makina ofinya ndi kumanga mitolo, phindu lonse limatsala panjira. Zitsulo zakutha zimalemera ndipo zili ndi mtengo. N'chifukwa chake simuzipeza zitagona m'ngalande. Anyamata oyenda ndi matumba anatola kale, khonsolo isanaononge ngakhale tambala.

Anthu amenewa, pamodzi ndi amayi otsuka mabotolo oikamo thobwa ndi amisiri osula mbaula, ndiwo akugwira kale ntchito imene timaifuna. Ine ndimaona kuti khonsolo ingapindule kwambiri itawalemba m'kaundula, kuwapatsa shedi yosankhira m'wadi iliyonse, magolovesi ndi majombo, kusiyana ndi kuwathamangitsa ngati akuba. 

Koma katundu wamkulu wa mzinda uno si pulasitiki ayi. Zoposa theka la zomwe timataya ndi zowola: makoko a nthochi ndi chinangwa, masamba, mkute. Ndi zimene zimalemetsa galimoto yopita ku mtaya wa Msilo, zimene zimanunkha ndi kuitana ntchentche kwa anthu oyandikana ndi mtayawo. Zikasakanikirana ndi makatoni, katoni uja wanyowa ndipo palibe angagule. Banja likamaika zowola pazokha n'kupanga manyowa kuseri kwa nyumba, ulendo wa galimoto umachepa, ndipo ndi mmene feteleza wakwerera, alimi a m'madimba sangakane manyowawo.

Njira ina ndi yoti wopanga katundu azisenza nawo mtolo. Timaidziwa kale: botolo la galasi la Fanta silitayidwa chifukwa lili ndi dipoziti. Germany anaika dipoziti pa mabotolo omwera kamodzi mu 2003, ndipo South Africa inayamba kukakamiza makampani kulipirira kutolera zotengera zawo mu 2021. Kuno malamulo oletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) anatuluka mu 2015, koma anakhala zaka akukokedwa m'makhoti. Zimenezi n'za boma ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, khonsolo payokha singazithe.

Zomwe zili m'manja mwa khonsolo zimaoneka mu bajeti. Ikamakambidwa, funsani akhansala anu kuti pa ma rates omwe anatoleredwa chaka chatha, zingati zinapita ku dizilo ndi kukonza galimoto za zinyalala, ndipo wadi yanu inafikiridwa kangati.